Nsapato Zitasiya Kuwawa

Lolemba, 4 Ogasiti

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi nambala 7, pafupi ndi zenera loyang'ana kumene amayanika nsalu za m'chipatala. Mwana wanga wamkazi wandigulira kope ili kuti ndizilembamo shuga ndi mankhwala. Akuti ine ndimaiwala zimene adokotala anena, ndimangokumbukira zondikomera. Sananame.

Shuga polowa, 23. Namwino atawerenga anandiyang'ana ngati ndamubera. Thupi latentha, 38.6. Chilonda chili kunsi kwa chala chachikulu cha phazi lamanzere, ndipo chala chonsecho chada ngati nthochi yoiwalika m'chikwama. Andiika diripi. Jakisoni wopha tizilombo katatu pa tsiku, insulini m'mawa ndi madzulo.

Dokotala wamng'ono ndamufunsa funso limodzi lokha, kuti kodi ndidzavinanso. Anaseka, poyesa nthabwala za nkhalamba. Mayi a ana anga, amene anaima kumutu kwa bedi atakumbatira chikwama, sanaseke.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Shuga 19 m'mawa, 17 madzulo.

Kwabwera dokotala wamkulu, wa magalasi olendewera pachingwe. Anatenga kasingano n'kundiuza kuti nditseke maso.

"Mukumva?"

"Mwayamba kodi?"

"Ndabaya kale kanayi, bambo."

Anandifunsa kuti phazi linayamba liti kuchita dzanzi. Ndinati sindikudziwa, koma ndikudziwa ndithu, ndipo ndilemba pano poti kope siliseka munthu.

Ndili ndi nsapato zanga zovinira, zakuda, zonyezimira, zosongoka kutsogolo. Ndinazigula zochepa dala, nambala 8 pomwe ine ndimavala 9, chifukwa amuna ovina a m'mafilimu akale aja mapazi awo ankaoneka aang'ono ndi opepuka, ndipo ine mapazi anga ndi zikhasu. Zaka makumi awiri zakhala zikundithina. Loweruka lililonse ndikafika kunyumba ndinkaviika mapazi m'beseni ndikutukwana. Ndiye chaka chathachi zinangosiya kuwawa. Ndinakondwa kwabasi. Ndinauza aliyense kuti chikopa chagonja, nsapato zamudziwa mwini wake. Ndinayamba kuvina nyimbo zonse osakhala pansi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Si chikopa chimene chinagonja, ndi phazi limene linali kufa.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ekisire m'mawa. Anandikankha panjinga, ulendo wa mphindi zitatu, kudikira maola awiri.

Bedi nambala 6 kuli dalaivala wa malole. Anathyoka ntchafu, ndiye mwendo anaupachika ndi zitsulo. Wakhala muno milungu isanu, amadziwa namwino aliyense ndi mayendedwe ake, ndipo pakamwa pake sipatsekeka. Amatchula wamkulu wa anamwino kuti Sisitala Wawotchi, chifukwa amayang'ana wotchi ngakhale pokupatsa moni.

Mwana wandisiyira foni yake yakale atandiikiramo mafilimu anga asanu ndi imodzi. Nditayatsa imodzi masana, a Dalaivala anasuzumira.

"Madala, foni yanu yafa. Mitundu yathawa."

"Ndi mmene anaijambulira. Yakuda ndi yoyera basi."

Anaonera pang'ono.

"Nanga uyu wayamba kuimba bwanji? Anali kuyankhula bwinobwino."

"Wamukonda mtsikanayo."

"Ndiye azichita kuimba? Pakati pa msewu? Apolisi kulibe kumeneko?"

Ndinawauza kuti ngati sakufuna ayang'ane kudenga. Anati kudenga akudziwako kale, kuli ming'alu khumi ndi inayi. Anaonera mpaka kumapeto. Tsopano akunditchula kuti a Kanema.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Shuga 15. Thupi 38.1. Atsuka chilonda, mafinya ambiri. Namwino anati ndilimbe mtima, ziwawa. Ndinkalakalaka zitawawa.

Mayi abweretsa supu wopanda mchere ndi mazira awiri. Dzira limodzi ladyedwa ndi a Dalaivala.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Dokotala wamkulu wabwera ndi chithunzi cha ekisire. Matenda alowa m'fupa la chala. Lolemba achotsa chalacho. Ananena ngati munthu wouza mnzake kuti mawa kugwa mvula.

Ndinawauza kuti mwamuna povina amayambira phazi lamanzere, ndipo potembenuka thupi lonse limatsamira pa chala chimenecho. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Bambo, panopa tikukambirana zopulumutsa phazi. Za dansi tidzakamba mukachira."

Kwa ine ndi nkhani imodzi.

Loweruka, 9 Ogasiti

Loweruka loyamba osavina kuchokera pamene tinaika maliro a apongozi. Kuholo ya anthu opuma pantchito timayamba 2 koloko masana, kumaliza 5. Tinalipo mabanja makumi atatu, tatsala asanu ndi atatu. Lero Mayi afika kuno 2 koloko yeniyeni, atavala diresi ya kunyumba, n'kukhala pampando manja ali pamiyendo. Phazi lawo linkagunda pansi lokha. Nditaliyang'ana analibisa kunsi kwa mpando.

Mayi atachoka, a Dalaivala anafunsa kuti zovinazi zinayamba bwanji, ndiye ndinawafotokozera.

Ndinagwira ntchito yoonetsa kanema zaka makumi atatu ndi chimodzi. Malo anga anali kachipinda kapamwamba kuseri kwa holo, kotentha ngati uvuni, makina awiri ndi kabowo koonera. Madzulo tinkaonetsa zomenyana ndi zowomberana, poti ndi zimene zinkadzaza holo. Koma Lachitatu masana bwana ankaika mafilimu akale ovina aja, okalamba kale ngakhale nthawi imeneyo, odukaduka, oti ndinkachita kulumikiza ndekha. M'holo munkakhala anthu khumi, theka akugona. Ine kumwamba kuja, diso pakabowo, mapazi akutsanzira. Mpukutu umodzi wa filimu unkandipatsa mphindi pafupifupi makumi awiri ndisanayatse makina enawo, ndiye ndinkavina pakati pa makina awiriwo nditakumbatira tsache.

Tsiku lina mtsikana wogulitsa matikiti anakwera kudzandipatsa uthenga wa bwana, n'kundipeza ndikupinda tsache chagada mwachikondi. Anaseka mpaka kugwira chitseko. Atamaliza anati, "Tsachelo likukuchedwetsani. Ndisonyezeni." Ndi amene amandibweretsera supu wopanda mchereyu.

Holo ya kanema ija pano amagulitsiramo matiresi.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Shuga 14.

Anzathu a kuholo abwera anayi, ndi malalanje amene sindiloledwa kudya ambiri. Pakati pawo panali a Hedi, amene anali mphunzitsi wamkulu. Akazi awo anamwalira zaka zitatu zapitazo, koma amabwerabe Loweruka lililonse atamanga tayi, n'kukhala pampando wa pakona kudikira kuti mwina mwamuna wina atopa. Amavina bwino, ndivomere, kungoti amawerenga mokweza ngati ali m'kalasi. Anandigwira dzanja nati, "Bwalo lakusowani, achimwene. Dzulo kunali ngati kumaliro." Ndinakondwa kumva choncho, Mulungu andikhululukire.

Masana a Dalaivala anapempha filimu ina. Tinatsamiritsa foni pabotolo la madzi. Bambo wa bedi nambala 9, wowonda, amene sayankhula ndi munthu, anakoka mpando n'kudzakhala nafe.

"Koma a Kanema, nkhani yake ndi yomwe ija ya tsiku lija."

"Ndi yomweyo."

"Mkazi akuyesa kuti mwamunayu ndi wa mnzake. Munthu mmodzi angomuuza, filimu ithe!"

"Akamuuza avinira chiyani?"

Ndinawauza kuti asiye nkhaniyo, nkhani ndi msomali wopachikapo jekete basi. Ayang'ane pamene nyimbo yayamba. Mkazi wakwiya, wapereka nkhongo, akuchoka. Mwamuna sakumugwira, akungoyenda pambali pake. Kenako phazi la mkazi limavomera mwini wake asanavomere. Ndipo wojambula sathawa, amawaonetsa onse awiri kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nyimbo yonse, kuti uone wekha kuti palibe chinyengo. Anthu awiri achitadi chinthu chovuta chija, ndipo akumwetulira ngati n'chosavuta.

"Ine mayi akunyumba atakwiya n'kuyamba kuwavinira," anatero a Dalaivala, "angaitane abale anga kuti mutu wazungulira."

Wa bedi nambala 9 anayankhula koyamba. Anati, "Mulibe wodwala m'menemu." Ndi zoona. Ndawaonera mafilimu amenewa kambirimbiri, sindinaonemo munthu akutsokomola.

Kuyambira 10 koloko osadya kanthu. Mawa kufiyeta, kukachotsa chala.

Lolemba, 11 Ogasiti

Achotsa. Sanandigoneke tulo, anangobaya pamsana. Ndinamva kulira kwa chitsulo. Sindifuna kulemba zambiri.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Shuga 11, kutsika koyamba. Thupi 37.4. Ndadya zonse.

Dokotala wamng'ono akuti anthu ambiri opanda chala chachikulu amayenda bwinobwino. Ndakhala ndikuwerengera m'mutu. Zothamanga ndisiya. Zapang'onopang'ono zija, za wani, thu, firii, ndingathe ngati potembenuka nditatsamira pachidendene, Mayi n'kumafupikitsa sitepe. Ndinawafotokozera Mayi ndi zala ziwiri pabulangete. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ndimwe supu asanazizire.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Pomasula bandeji panatuluka fungo. A Dalaivala, amene amaseka chilichonse, anatembenukira kukhoma.

Chilonda sichikufiira, chikuda m'mbali, ndipo zala ziwiri zoyandikana nacho zayambanso kuda. Anabweretsa kamakina komvera magazi m'mitsempha. Kumwendo wamanja kanalira, fuu, fuu, ngakhale motsika. Kumanzere anasakasaka pakakolo, pamwamba pa phazi, ziii. Kanadzalira atafika kuseri kwa bondo.

Asintha mankhwala, ayika amphamvu. Akuti tione mpaka Lolemba. Shuga 18.

Loweruka, 16 Ogasiti

Takangana ndi Mayi, chonong'ona, poti muwodi mulibe chitseko.

Anayamba ndi kukonza pilo amene anali wokonzeka kale. Kenako anati, "Bambo, ine ndinaona."

"Munaona chiyani?"

"Magazi pasokosi. Mwezi wa Meyi. Ndinachapa, ndinayanika, sindinanene."

Mwezi umenewo kuholo ankakonza tsiku lathu lokumbukira zaka makumi anayi tili m'banja. Anati tidzavina awiriwiri, ena onse atakhala pansi. Mayi anasoketsa diresi yobiriwira. Akuti ankaopa kuti akanena, mwana adzanditengera kuchipatala, adzandiletsa nsapato, tsikulo lidzapita. Anati angodikira milungu itatu.

Ndinapsa mtima. Ndinawauza mawu oipa, akuti diresi inaposa mwendo wanga. Analira osatulutsa mawu. Nditawaona choncho manyazi anandigwira, chifukwa chilondacho ine ndinachiona iwo asanachione. Ndinkachiphimba ndi thonje Loweruka lililonse m'bafa, nditakhoma chitseko, pa chifukwa chomwecho. Ndinawauza. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye tonse ndife zitsiru."

"Koma tinavina bwino tsiku lija."

"Tinavina bwino," anatero, akupukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete langa.

Madzi akatayika saoleka. Koma tinavinadi bwino.

Lolemba, 18 Ogasiti

Shuga 21. Thupi 39.

Dokotala wamkulu wakhala pabedi langa, chinthu chimene sanachitepo. Phazi silingapulumuke. Adula kunsi kwa bondo, pamene magazi akufikabe. Akachedwa adzadula pamwamba, akachedwanso sipadzakhala chodula. Anasiya pepala loti ndisaine.

Ndakana. Ndawauza kuti ndinabwera ndi miyendo iwiri. Mwana wanga analusa, akuti, "Ababa, mukufuna tikuikeni m'manda ndi miyendo iwiri?" Ndinati inde. Anatuluka akulira. Mayi anangopinda pepalalo n'kuliika pansi pa kapu.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Kuzizidwa, kunjenjemera. Sindinadye.

A Dalaivala anayatsa filimu kuti andisangalatse, ija yovina pamasitepe a hotela. Sindinathe. Kale ndinkaona anthu awiri, lero ndimangoona mapazi anayi, athunthu, zala zonse zili m'kati. Ndinamuda mnyamata wa m'filimuyo. Anafa kalekale, koma akadali kukwera masitepe aja awiriawiri, ndipo adzakwerabe ine nditapita. Ndinawauza kuti azimitse.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Wa bedi nambala 9 wamwalira cha m'ma 11 m'mawa, nthawi ya tiyi. Anatchinga makatani, kenako tinamva mawilo. Pofika masana bedi linali litayalidwa kale, Sisitala Wawotchi akuyang'ana wotchi. Sitinadziwe n'komwe kuti ankagwira ntchito yanji. Dzana anandifunsa ngati awiri a m'filimu ija amakwatirana pamapeto, poti tsiku lija anamuitana kukabayitsa isanathe. Ndinamuuza kuti onse amakwatirana. Anati, "Chabwino."

Madzulo a Dalaivala anandiyankhula opanda nthabwala.

"A Kanema, ine ndayenda misewu yambiri. Tayala likaphulika sutaya lole."

"Lole savina."

"Savina, eya. Koma mayi aja ndimawaona mmene amakhalira pampandopo. Mukafa ndi mwendo wanuwo, iwo adzati anakuphani ndi sopo wochapira sokosi. Mukufuna muwasiyire zimenezo?"

Kani anamva zonse tsiku lija. Ndinawatukwana kuti ali ndi makutu ngati mleme.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Ndasaina. Dzina langa likuoneka ngati lalembedwa ndi nkhuku.

Ndinapempha namwino kuti andivundukule phazi ndilione. Si langanso, latupa, lada. Ndinafuna kuliuza kanthu, koma munthu ungaliuze chiyani phazi.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Kufiyeta 8 koloko.

Lolemba, 25 Ogasiti

Masiku awiri sindikuwakumbukira bwino. Anandipatsa magazi mabotolo awiri. Jakisoni wa ululu maola asanu ndi limodzi alionse. Shuga 13. Thupi 37.8.

Bulangete limatsika msanga kumanzere. Ndimayang'ana kuzenera.

Chodabwitsa n'chakuti chala chachikulu chikuwawa. Chala chimene anachotsa milungu iwiri yapitayo, cha phazi limene kulibe. Chikuthina ndendende ngati ndavala nambala 8. Dokotala akuti zimachitika, mitsempha imakumbukira. Chaka chonse ndinkafunika kumva ululu umenewu kuti ndipulumuke, wabwera lero.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

A Dalaivala awamasula zitsulo, atuluka. Anayenda ndi ndodo mpaka pabedi langa, nati mwana wawo awaikire mafilimu aja mufoni. "Osauza anzanga a malole," anatero. Pochoka anayesa kuzungulira pandodo imodzi ngati mnyamata wa m'filimu, anatsala pang'ono kugwetsa diripi ya munthu. Sisitala Wawotchi anakalipa. Wodi yonse inaseka, inenso.

Pabedi pawo abweretsa munthu wongobuula. Muno mwakula.

Lachitatu, 27 Ogasiti

Kwabwera mayi wa fizo, wophunzitsa anthu kuyenda. Anandikhazika m'mphepete mwa bedi, kenako anati ndiime ndi ndodo ziwiri. Ndinaima. Asananene kanthu, thupi linachita zimene lachita zaka zonsezi, linayambira kumanzere. Ndinaponda mphepo. Akanapanda kundigwira Mayi a ana anga, amene anali pambali, ndikanagwa chafufumimba.

Anandigwira dzanja limodzi pamsana, lina m'dzanja langa. Ndi kagwiridwe ka mwamuna povina, kagwiridwe kanga. Tonse tinazindikira. Anandibweza pang'onopang'ono mpaka pabedi, iwo akutsogolera.

Ndinafunsa za mwendo wopanga. Wa fizo sanandinamize, ndipo ndamulemekeza. Chilonda chiyambe chapola, ndipo kwa wa shuga ngati ine zimatenga miyezi. Kenako pali mndandanda wa odikira. Kenako kuphunzira.

"Kuyenda m'nyumba, mwina mpaka kumsika, tingayembekezere."

"Kutembenuka ndi munthu m'manja?"

"Bambo, muli ndi zaka 68," anatero mofatsa, n'kuyamba kusonkhanitsa ndodo zake.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Shuga 15. Nsonga imodzi ya chilonda ikutuluka madzi. Achotsa ulusi uwiri kuti ipume.

Ndawauza Mayi kuti Loweruka apite kuholo.

"Ndikatani?"

"Mukavine. A Hedi akhala pampando zaka zitatu."

"Mwayamba misala?"

"Mwakhala ma Loweruka atatu pano mukugunda phazi pansi ngati telala. Mukundisokosera."

"Ine ndinavina ndi tsache lanu lija kapena ndi inu? Ndikavina ndi munthu wina anthu adzati chiyani, amuna anga ali m'chipatala?"

"Adzati amuna awo anawatuma."

Anakwiya zenizeni. Anati ndikufuna kuwataya, ndikuwayesa katundu wogawa munthu asanafe. Ananyamula mbale supu ndisanamalize. Zoona zake n'zakuti ndinanena kuti akane. Ndinkafuna kumva akukana, ndipo anakana, ndipo mtima unakhala pansi.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Dokotala wamkulu anabwera ndi kasingano kake kaja. Ndinayesa kuti walakwitsa bedi, poti kumanzere kulibenso chobaya. Anavundukula phazi lamanja.

"Tsekani maso. Mukumva?"

Pachidendene ndinamva. Pakati ndinamva pang'ono. Kenako ndinadikira, ndinadikira, mpaka ndinatsekula maso ndekha. Singano inali pa chala chachikulu, italowa.

Pakati pa zala ziwiri zazing'ono wapezapo kachilonda kochepa ngati njere ya mpunga. Akuti mwina ndi pamene ndinadzigunda nditatsala pang'ono kugwa Lachitatu. Analemba nthawi yaitali mufayilo. Ndinamufunsa ngati ndi chiyambi cha zomwe zija. Anati tiziyang'anira.

Mwana ndamuuza, ndamulumbiritsa kuti asawauze amayi ake. Mayi atabwera ndinabwerezanso za kuholo. Ulendo uno ndinanena zochokera pansi pa mtima. Ndinawauza kuti akapanda kupita ndisiya kumwa supu wawo. Anandiyang'ana modabwa, poti amadziwa mawu anga onse, a bodza ndi a zoona.

Loweruka, 30 Ogasiti

2 koloko, mpando uli wokha.

Ndinadziuza kuti mwina basi yachedwa. Hafu pasiti 2 ndinasiya kudzinamiza. Ndimadziwa ndondomeko yonse ya kuholo. Amayamba ndi ziwiri zapang'onopang'ono kuti mawondo adzuke. Cha m'ma 3 zothamanga. Hafu pasiti 3 tiyi. Ikamakwana 5 amaika ija yaitali imene Mayi amatseka maso potembenuka, ndipo mwamuna amayenera kudziwa kuti atseka, awagwire zolimba pang'ono. Zimenezo a Hedi sakuzidziwa. Palibe anawauza.

Ndine ndinawatuma. Ndalemba kuti ndiziwerenga. Nsanje yandigwira ngati mnyamata, ndipo ndilibe woti ndimukwiyire.

Ndinayatsa foni, ndinaonera filimu yonse ndekha mawu nditatsitsa. Anakangana, anavina, anakwatirana. Imathera pomwe akutuluka pakhomo atagwirana manja. Zaka zonse zija ndinkazimitsa makina pamenepo n'kuyatsa magetsi a m'holo, osadzifunsa kuti awiriwa akakalamba ndani adzayambe kukhala pansi.

Shuga 17. Sindinadye.

Lamulungu, 31 Ogasiti

Mayi afika 10 koloko ndi supu, mazira awiri, ndi nkhope ya munthu wobwera kudzapepesa.

"Munapita?"

"Munandikakamiza."

"Zinali bwanji?"

"Ah, zachabechabe. Bambo aja amawerenga mokweza. Anandiponda kawiri. Ndinangovina nyimbo ziwiri, kenako ndinakhala pansi kumathandiza za tiyi."

Ndinati pepani. Anati anthu onse akupereka moni. Anayamba kusenda dzira, akundiuza za denga la kuholo limene layambanso kudontha. Akuyankhula choncho anavula nsapato osazindikira, n'kumasisita phazi limodzi ndi linzake. Mapazi amenewo ndawadziwa zaka makumi anayi. Nyimbo ziwiri siziwatupitsa choncho. Anavina zonse, mpaka yomaliza.

Ndipo nkhope yawo, ngakhale ankayesetsa kuikwinya, inali itatsitsimuka. Mwezi wonse uno sindinaione choncho. Ine ndi supu ndi fungo la wodi tinali titaikalambitsa, masana amodzi aibweza.

Anafunsa ngati adokotala anenapo china. Ndinakoka bulangete kuphimba phazi lamanja n'kunena kuti ayi, zonse zili bwino.

Nthawi ya alendo itatha anatolera mbale zawo. Ali pakhomo ndinawaitana.

"Mayi."

"Ee?"

"Loweruka likubwerali musavutike kubwera. Ndipo muwauze a Hedi kuti pa nyimbo yomaliza ija mumatseka maso. Azikugwirani zolimba."

Anaima pamenepo mbale zili m'manja. Sanakane.